Lolemba lomwe makompyuta onse anada bii

Lolemba lina m'mwezi wa Febuluwale ndinafika kuntchito thalauza litanyowa mpaka m'mawondo, chifukwa wakabaza amene ananditenga ku Chikanda analowa nane m'chithaphwi. Ndisanakolowekenso jekete, amayi a pa risepushoni anali atandipeza kale.

"A IT, makompyuta anu aja apsa."

"Angati, amayi?"

"Onse. Pitani mukaone nokha. Ana akungoyang'anizana m'menemo."

Ndinathamangira ku labu mtima uli m'mwamba, ndikuwerengetsera kale mtengo wa zomwe zapsazo. Kulowa, ndinapeza makompyuta onse akuyaka bwinobwino. Mawusi ikuyenda, Word ikutseguka, tizithunzi ta mapulogalamu tili m'malo mwake. Chokhacho n'chakuti kumbuyo kwake kunali kutada bii, sikirini iliyonse, mzere wonse mpaka kukhoma. Mnyamata wina anali atayamba kale kulalikira kuti ndi vayirasi. Wina, amene zikuoneka kuti anakulira pa Windows 7 yakuba, ankauza anzake monong'ona kuti kuda kumeneku kumatanthauza kuti Microsoft yatigwira. Sanalakwitse kwenikweni, chifukwa Windows 7 inkachitadi zimenezo ikazindikira kuti ndi yachinyengo. Koma apa panalibe vayirasi, panalibe wakuba. Mlandu unali wanga ndekha.

Ndimagwira ntchito pamalo ena ophunzitsa anthu makompyuta muno mu Zomba. Tili ndi makompyuta 22: 16 mu labu, 6 m'maofesi. Seva, kompyuta yomwe imatumikira ena onsewo, ndi imodzi, yokalamba, imakhala m'kachipinda komwe kale kanali kosungiramo matsache, ndipo ndi imene imasunga maakaunti a anthu onse kudzera mu Active Directory. Makompyuta ambiri tinachita kupatsidwa atagwira kale ntchito kwina. Windows 11 amaikana chifukwa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ngakhale Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina ndikadzakhala ndi mphamvu.

Nkhani ya zithunzi za kumbuyo kwa sikirini, zotchedwa wallpaper, inayamba ndi nkhondo. Ophunzira a m'mawa akaika wallpaper ya Maule, a masana ankafika n'kuchotsa, kuikapo ya Manoma, ina yolembedwa mawu oti sindingawabwereze pano. Mtsikana wina anaika chithunzi cha chibwenzi chake pa kompyuta nambala 3, anyamata n'kuchijambulira ndevu ndi nyanga mu Paint. Zonsezi bwana ankangoseka. Kuseka kunatha tsiku lomwe kunabwera alendo ochokera ku Lilongwe n'kupeza nkhope ya wandale wina itadzaza sikirini ya kompyuta yoyamba kuchokera pakhomo. Alendo atapita, anandiitana.

"A IT, zimenezi zithe lero. Ndikufuna chizindikiro chathu pa kompyuta iliyonse, kumbuyo koyera, basi. Wina asamasinthe."

Ndinawauza kuti kuyera mbee tsiku lonse kumapweteka maso, komanso munthu ukamuikira chinthu chotopetsa amafunafuna njira yochichotsera mpaka aipeze. Bwanji chithunzi chizisintha chokha tsiku lililonse, chokongola, chofanana pa makompyuta onse, chizindikiro chathu chili pakona? Anandiyang'ana kanthawi. "Zitheka?" Ndinati zitheka, ndi ntchito ya mphindi 15. Walira mvula walira matope.

Mphindi 15 zija sindinaname. Mu Group Policy, chida chomwe seva imaperekera malamulo ku makompyuta onse, muli lamulo lake lokonzedwa kale. Umalowa ku User Configuration, Administrative Templates, Desktop, Desktop kachiwiri, n'kupeza Desktop Wallpaper. Umalemba komwe chithunzi chili, basi. Ine ndinatsegula foda pa seva n'kulemba \\seva\zithunzi\lero.jpg. M'mawa uliwonse ndikafika ndinkachotsa lero.jpg wadzulo n'kuikapo wina wa dzina lomwelo, ndi manja, ndikudziuza kuti zoti zizichitika zokha ndikonza sabata yamawa. Kwa masabata atatu zinayenda, kupatula makompyuta angapo amene ankakakamira chithunzi chadzulo, zomwe ndinazinyalanyaza. Bwana ankandipatsa moni wa manja awiri.

Zomwe zinachitika Lolemba lija ndi izi. Magetsi anathima usiku ndi mvula ija, n'kubwera cha m'ma 7 koloko. UPS ya seva yathu, bokosi loipatsa moto magetsi akathima, batire yake inafa kalekale, imangolira kamodzi n'kugonja. Madala amene amatilondera ali ndi mtima wabwino: magetsi akabwera amayenda mzere wonse kuyatsa makompyuta kuti ana akafika apeze zili tayale. Kompyuta wamba imadzuka m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Seva yathu ikazima mwadzidzidzi imadzuka ngati nkhalamba m'mwezi wa Juni, iyambe yafufuza madisiki ake, ikhosomole, mphindi 10 n'kutha. Ophunzira analowa m'maakaunti awo seva isanadzuke, ndipo Windows inawalola, chifukwa imakumbukira mapasiwedi a anthu amene analowapo posachedwa pa kompyuta imeneyo. Itawalola, inapita kukatenga lero.jpg ku seva. Kunalibe woyankha. Ndiye inangopaka zakuda n'kupitiriza ndi moyo wake, osabwereranso kukafunsa ngakhale seva itadzuka.

Agogo anga ankakonda kunena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndinawakumbuka nditaima pakati pa masikirini akuda aja. Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti analembedwa ndi anthu amene seva yawo sinazimepo chiyambire chaka. Kwa iwo kuloza chithunzi cha pa netiweki ndi nzeru. Kwa ife kuno, chithunzi chomwe chili pa seva ndi fodya wa pachala.

Choncho ndinagwetsa zonse n'kuyambiranso ndi lamulo limodzi: pa nthawi yomwe munthu akulowa, kompyuta isafune kanthu kalikonse ku netiweki. Zithunzi za mwezi wonse zikhale kale pa disiki yake. Ndinasankha zithunzi 31 n'kuzitcha 01.jpg, 02.jpg mpaka 31.jpg, kuti deti la tsikulo lizisankha lokha chithunzi. Pa kompyuta iliyonse pali foda C:\ProgramData\Zithunzi, ndipo kamzere aka ndi kamene kamatunga ku seva:

robocopy \\seva\zithunzi C:\ProgramData\Zithunzi *.jpg /R:1 /W:5

Robocopy imabwera kale mu Windows, ndipo ubwino wake imangokopera mafayilo amene asintha, ena onse imawadumpha. Koma tizilembo ta kumapetoto musatisiye. Mukapanda kuiuza, robocopy ikalephera kukopera fayilo imayesanso ka 1 miliyoni, n'kumadikira masekondi 30 pakati pake. Ndinawerengetsa pa foni: ndi masiku 347, pafupifupi chaka chathunthu chikudikira fayilo imodzi. Amene anaganiza zimenezo anali ndi chikhulupiriro choposa changa. /R:1 ndiye kuti yesanso kamodzi, /W:5 dikira masekondi 5, zikakanika zisiye, tidzaona mawa. Seva ikakhala kuti yagona, palibe chomwe chawonongeka, zithunzi za mwezi watha zilipo kale.

Apa ndi pomwe ndinataya masana athunthu a Lachitatu. Ntchito yokoperayi ndinaiika mu Task Scheduler, chida cha Windows choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti iziyenda ndi SYSTEM, akaunti ya Windows mwini wake, kompyuta ikangoyaka. Ndikaiyendetsa ndekha ndi akaunti yanga, zithunzi zikubwera. Ikayenda yokha, foda ili mbee. Ndinasintha mzere uja kasanu, kuzimitsa, kuyatsa, kutukwana chamumtima. Kenako ndinaimbira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, pano ali ku Blantyre. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Aise, SYSTEM ikapita pa netiweki siipita ndi dzina lako. Imapita ndi dzina la kompyutayo. Foda yakoyo wapatsa chilolezo ndani?"

Ndinali nditapatsa Domain Users okha, kutanthauza anthu. Makompyuta ali ndi gulu lawolawo, Domain Computers, ndipo seva inkawabweza pakhomo ngati alendo osaitanidwa. Ndinawonjezera gulu limenelo, chilolezo chowerenga chokha, pa share ndi pa foda pomwe. Zithunzi zinakhuthuka nthawi yomweyo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya la masana amodzi.

Kukhala ndi zithunzi pa disiki ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kuuza Windows kuti lero ionetse chiti, ndipo apa pali msampha womwe ndinagweramo ndi miyendo yonse iwiri. Wallpaper si ya kompyuta, ndi ya munthu. Mu registry, kaundula momwe Windows imasungira masetingi ake, aliyense ali ndi kachikwama kake, HKEY_CURRENT_USER, ndipo za wallpaper zimakhala m'menemo pa Control Panel\Desktop. Ukatuma SYSTEM kuti isinthe wallpaper, imasinthadi mokhulupirika, koma m'kachikwama kake komwe, komwe palibe amene amakaona. Ndiye pafunika ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ya SYSTEM, yokopera zithunzi. Yachiwiri yoyenda m'dzina la amene walowayo, yomuikira chithunzi.

Ndinamvetsanso chifukwa chake makompyuta ena aja ankakakamira chithunzi chadzulo. Windows sionetsa fayilo yako mwachindunji. Imapanga kope lake n'kulisunga mu AppData\Roaming\Microsoft\Windows\Themes, fayilo yotchedwa TranscodedWallpaper, yopanda n'komwe .jpg kumapeto. Dzina likakhala lomwelomwelo, lero.jpg dzulo, lero.jpg lero, nthawi zina imaona ngati palibe chasintha n'kupitiriza ndi kope lakale. Mayina a manambala anathetsa zimenezo. Komanso kungolemba mu registry sikukwanira, chithunzi chimadikira mpaka munthu atuluke n'kulowanso. Chomwe chimagwira pompopompo ndi kuitana SystemParametersInfo ya mu user32.dll, n'kuipatsa nambala 20, yomwe kwa Windows imatanthauza "sintha wallpaper", kenako njira ya fayilo, kenako 3 kuti isunge komanso idziwitse mapulogalamu ena. Mu PowerShell, chinenero cholamulira Windows, ndi script, kapulogalamu ka mizere yosakwana 10: tenga deti la lero m'manambala awiri, lumikiza ndi .jpg, ona ngati fayiloyo ilipo, ikakhalapo itana. Ikapanda kupezeka, usachite kanthu. Kamzere kofufuza ngati fayilo ilipoko ndi kamene kamatiteteza ku mdima wa Febuluwale uja.

Poyamba script imeneyi ndinaiika ngati logon script ya Group Policy, yoyenda munthu akamalowa. Ndinalowa pa kompyuta yoyesera, kudikira, palibe. Kutuluka, kulowanso, palibe. Ndinakwiya n'kupita panja kukagula mandasi kwa amayi a pageti. Pobwera, mandasi ali m'manja, ndinapeza chithunzi chasintha chokha ngati chikundiseka. Kuyambira pa Windows 8.1, Group Policy imadikira mphindi 5 munthu akalowa isanayendetse ma logon script, kuti kompyuta iyambe yapuma. Pali lamulo lotchedwa Configure Logon Script Delay lomwe ungachepetsere nthawiyo, koma ine ndinangosamutsira zonse ku Task Scheduler, n'kuzigawa ku makompyuta onse kudzera mu Preferences ya Group Policy yomweyo. Ntchitoyi imadzuka kawiri: munthu akalowa, komanso 7 koloko m'mawa chifukwa cha a kuakaunti amene satuluka m'akaunti yawo sabata yonse. Ndipo pali kabokosi kamodzi komwe aliyense wa kuno ayenera kuchonga, kakuti Run task as soon as possible after a scheduled start is missed. Popanda iko, 7 koloko ikakwana magetsi kulibe, tsiku limenelo lapita.

Lamulo lakale lija la Desktop Wallpaper ndinalizimitsa, chifukwa likakhalapo limalimbana ndi script. Ndinangosiya lakuti Prevent changing desktop background, lomwe limatseka khomo la mu Settings koma pa makompyuta athu script imadutsabe. Mukasintha malamulo otere musadabwe kuti sakufika msanga: makompyuta amakafunsa ku seva pa mphindi 90 zilizonse, kuphatikizapo zina zosapitirira 30 kuti asapite onse nthawi imodzi. Wosapirira alembe gpupdate /force. Mnyamata wina wochenjera, wa Manoma, anapezabe njira yoikira timu yake kudzera mu pulogalamu ina. Sindinamuletse. Akalowanso mawa lake amapeza phiri labwerera, ndipo pofika Lachisanu anatopa yekha.

Lock screen, chithunzi chomwe chimaoneka munthu asanalembe pasiwedi, inandizunza mwa mtundu wina. Lamulo lake lili ku Computer Configuration, Administrative Templates, Control Panel, Personalization, ndipo limatchedwa Force a specific default lock screen and logon image. Ndinaliyatsa. Makompyuta 8 anamvera. Otsala 14 anangoti phee, kupitiriza kuonetsa magombe ndi mapiri a chipale a Windows Spotlight. Netiweki imodzi, lamulo limodzi, gpresult, yoonetsa malamulo omwe kompyuta yalandira, ikunena kuti lafika ponseponse. Ndinayenda ndi kope kompyuta ndi kompyuta kulemba chilichonse chosiyana, mpaka ndinaona: 8 omvera aja onse ndi Windows 10 Education, 14 okana aja ndi Pro. Kuyambira pa version 1607, ya mu 2016, lamulo limeneli limagwira pa Enterprise ndi Education basi. Pro imalilandira, kulisunga bwinobwino mu registry, osalitsatira. Ngati mwana amene wavomera "chabwino amayi" ali pa mpira.

Njira yozembera ilipo. Mu HKEY_LOCAL_MACHINE, pa SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion, umapanga kiyi yotchedwa PersonalizationCSP. M'menemo umalemba zinthu zitatu: LockScreenImagePath ndi LockScreenImageUrl, zonse ziwiri zoloza fayilo ya pa disiki ija, ndi LockScreenImageStatus yomwe umaipatsa 1. Popeza ili ndi gawo la kompyuta yonse, osati la munthu, ntchitoyi ndi ya SYSTEM, ndiye ndinangoiphatikiza ku ija yokopera zithunzi. Pa Pro zathu zonse 14 inagwira. Ndinene mosabisa kuti Microsoft sinalonjeze kuti khomo limeneli likhala lotsegula kwa a Pro, ndiye update iliyonse ikadutsa ndimayamba ndasuzumira lock screen ya kompyuta imodzi ndisanamwe tiyi.

Tsopano zithunzi zenizenizo, zomwe ndi gawo lomwe ndimalikonda ndipo sindinaliganizire n'komwe pachiyambi.

Maganizo anga oyamba anali kutenga chithunzi cha tsiku cha Bing, chifukwa n'chokongola ndipo chimasintha chokha. Pali pulogalamu yake yomwe ungaike pa kompyuta iliyonse. Koma ndiye kuti makompyuta 22 aliyense payekha akutsitsa chithunzi chimodzimodzicho tsiku ndi tsiku pa bandulo yomwe bwana amaiwerengera ngati mchere wa m'chilala. Ndikanatha kutsitsa kamodzi pa seva n'kugawa, ndipo kwa sabata imodzi ndinachitadi zimenezo. Chinandibweza ndi zinthu ziwiri. Zithunzi zimenezo zili ndi eni ake, ndipo kumatapo chizindikiro chathu sikunandikhalire bwino. Chachiwiri ndi funso la madala otilondera aja. Anaima kumbuyo kwanga tsiku lina akuyang'ana nyumba yachifumu ya kwinakwake ku Ulaya ili pakati pa chipale.

"Kodi a IT, m'makina mwanumu Zomba mulibe?"

Loweruka lotsatira ndinabwereka kamera kwa mlamu wanga n'kukwera phiri. Msewu wa Ku Chawe uja, anyamata a masitiroberi akuthamangira galimoto iliyonse ndi timbale tawo. Ndinajambula damu la Mulunguzi m'mawa madzi ali bata, mitengo ya paini ikuoneka kawiri, m'mwamba ndi m'madzi. Ndinatsikira ku Williams Falls, n'kuterereka pamwala, kamera ndinaikweza m'mwamba ngati mwana wakhanda, chigongono n'chimene chinalipira. Ku Emperor's View, komwe kanatchulidwa polemekeza Haile Selassie wa ku Ethiopia, ndinadikira ola lathunthu kuti mtambo uchoke, ndipo utachoka Chilwa inaoneka ikunyezimira kutali uko, Mulanje ali chiimire kumbali. Amene akufuna kujambula kumeneko apite mvula ikangotha, mu Epulo kapena Meyi. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimakwirira zonse, ndipo pofika Sepitembala utsi wa moto wa tchire umasandutsa chigwa chonse phulusa.

Nditabwera nazo, makompyuta anandiphunzitsa kujambula. Chithunzi chomwe ndinkachinyadira kwambiri chinali cha msodzi wa ku Kachulu, ataima m'bwato akukankha ndi nsungwi yaitali, matemba ali m'dengu kutsogolo kwake. Ndinachijambula choimika, mmene tinazolowerera pa foni. Mu registry, WallpaperStyle ndinaika 10, kutanthauza Fill, yomwe imakuza chithunzi mpaka chidzaze sikirini n'kudula zotsala. Tsiku lake litafika, makompyuta 22 anaonetsa munthu wopanda mutu akupalasa bwato. Ana anaseka mpaka mphunzitsi wawo anabwera kudzandifunsa ngati ndachita dala. Ukaika 6, yomwe ndi Fit, mutu umabwerera koma m'mbali monse mumada, ndipo ine ndi mtundu wakuda tinali titadana kale. Yankho ndi kujambula chopingasa nthawi zonse.

Ndiye palinso masikirini athu osafanana. Ambiri ndi 1366 kwa 768, atatu a m'maofesi ndi 1920 kwa 1080, ndipo anayi ndi akale aja ooneka ngati bokosi, 1280 kwa 1024. Pa anayi amenewa Fill imadula m'mbali. Bwato likakhala chakumphepete, iwo amangoona madzi. Choncho chofunika chonse chizikhala pakati, ndi chizindikiro chathu chomwe chisafike pakona penipeni. Kumanzere kuzikhala kopanda zambiri, thambo kapena madzi, chifukwa ndi komwe tizithunzi ta mapulogalamu timakhala, ndipo mayina ake oyera saoneka pa maluwa a jakaranda. Pa lock screen ya Windows 10 wotchi imakhala pansi kumanzere, pa Windows 11 pamwamba chapakati. Zonse ndimazichepetsa kufika 1920 kwa 1080, chilichonse chisapitirire 500 KB, kotero mwezi wathunthu ndi pafupifupi 15 MB pa kompyuta, ndipo sizidutsa pa intaneti n'komwe. Amene maso ake ndi akuthwa adziwenso kuti Windows imafinya JPEG ya wallpaper kufika pa 85 peresenti. Ukaona thambo likuoneka mizeremizere, JPEGImportQuality pa Control Panel\Desktop pomwe paja ukaipatsa 100 zimatha.

Cholakwa chachikulu sichinali cha makina. Pa 17 panali chithunzi cha mumsika waukulu wa Zomba: milu ya tomato yofiira psuu, kumbuyo kwake mayi wina akuwerenga ndalama, sakudziwa kuti akujambulidwa. Mtsikana wina wa kalasi ya m'mawa anangoyatsa kompyuta n'kugwira pakamwa.

"Aphunzitsi, awa ndi azakhali anga."

Sanakwiye, koma anandifunsa ngati azakhaliwo akudziwa kuti ali pa makompyuta 22. Ndinalibe yankho. Masana omwewo ndinasindikiza chithunzicho n'kupita nacho kumsika, mtsikana uja akunditsogolera. Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali, anzawo a m'mbali ataunjikana, kenako anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Mwana wanga, chonsecho undijambule ndi chitenje chakuntchito ichi? Kachotse. Ubwere Loweruka ndidzavale cha bwino, ndiye udzaike pa makina akowo."

Ndinapitadi Loweruka. Chomwe chili pa 17 pano n'chachiwiricho, akuyang'ana kamera mwaufumu, ndipo ndinagula tomato wa sabata yonse. Kuchokera pamenepo nkhope ya munthu siilowa mufoda ija mwini wake asanavomere, ndipo ya mwana siilowa n'komwe.

Pakona ya chithunzi chilichonse ndimalembapo dzina la malo ndi mzere umodzi. Ndinayamba zimenezi nditaika nyumba yakale ya malamulo, mnyamata wina wobadwira ku Matawale konkuno n'kufunsa ngati ndi tchalitchi cha ku Blantyre. Sankadziwa kuti Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pomwe linasamukira ku Lilongwe. Pano pansi pa chithunzi cha Chilwa palembedwa kuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere. Bwana nawo anaona mwayi: akufuna zidziwitso za fizi ndi mayeso zizikhala pa lock screen. Tinakangana mwaulemu masiku awiri. Tinagwirizana kuti lock screen ikhoza kunyamula kamzere kamodzi pansi kumanja, koma wallpaper isakhudzidwe. Munthu akulemba CV yake asamayang'anizane ndi ngongole yake.

Anthu ayamba kubweretsa zawo. Wina anabwera ndi minda ya mpunga ya ku Domasi, wina msika wa pa Songani m'bandakucha, wina Chingwe's Hole koma chosaoneka bwino chifukwa ankaopa kuyandikira. A kuakaunti, amene anayamba ntchito nthawi ya Windows XP, anandipempha kaphiri kobiriwira kaja. Ndinawauza kuti kameneko ndi ka ku Sonoma ku California, anakajambula Charles O'Rear mu 1996, koma ndikawapezera kathu. Ndinakapeza kumunsi kwa Malosa mvula itangokata, udzu uli biriwiri, mitambo iwiri yoyera pamwamba. Kali pa 25. Amati kathu kaposa, kungoti pali mbuzi.

Pa 01 pali damu la Mulunguzi lija, ndipo kompyuta nambala 14 imalikonda mopitirira muyeso. Ndinaona tsiku lina pa 9 kuti mzere wonse ukuonetsa Williams Falls, 14 yokha ili pa damu. Patapita masiku atatu, damu kachiwiri. Kenako sabata yathunthu ili bwino, kenako damu. Ndinafufuza script, ndinafufuza foda, zonse zili m'malo. Nditasuzumira mu BIOS, masetingi a kompyuta Windows isanadzuke, ndi pomwe ndinaona deti: 1 Januwale, chaka chomwe ena mwa ophunzira athu anali ku pulayimale. Kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, kanatha. Bola kompyuta ili cholumikizidwa kukhoma ndipo magetsi alipo, wotchi yake imayenda ngakhale itazimitsidwa. Magetsi akangothima, imaiwala zonse n'kubwerera pa 1 Januwale. Script imadzuka msanga, kufunsa deti, kuuzidwa kuti ndi pa 1, n'kuika 01.jpg. Pakapita kanthawi Windows imakonza nthawi kuchokera ku seva, koma damu limakhala litakhazikika kale.

Si chinthu chochisekerera mpaka kalekale, chifukwa pa netiweki ngati yathuyi wotchi ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5, Kerberos, mlonda wotsimikizira olowa, imayamba kukana anthu, ndipo tsiku lina 14 idzakaniza munthu kufika ku mafayilo ake pa nthawi ya mayeso. Kabatire katsopano ndinagula kale m'tauni, kali mu dirowa yanga m'pepala lake. Kungoti ndazolowera. M'mawa ndikalowa mu labu maso anga amayamba apita pa 14. Dzulo panali damu.

"Madala, anathima nthawi yanji?"

"Cha m'ma 2 koloko, a IT. Abwera tambala atalira kale." Anasuzumira pa sikirini, n'kugwedeza mutu. "Koma kameneka sikanama."